Tiki ya Kuchipatala

Akulu amene anaona chaka cha 1964 ndi maso ao akali kukumbukira kandalama kakang'ono kotchedwa tiki, ndiko makobiri atatu m'chiwerengero cha masiku aja. M'chaka chimenecho, dziko litangolandira ufulu wake, Boma la Dr. Kamuzu Banda linalamula kuti munthu wofuna mankhwala pa chipatala cha Boma ayambe waponya tiki. Kwa iwo akulandira malipiro mwezi ndi mwezi kanthuko kanali kochepa. Koma kwa mai wa kumudzi, amene ndalama aiona kamodzi pa chaka atagulitsa mtedza, tikiyo inali mpiringidzo pa chitseko. Nduna zina, monga a Kanyama Chiume, a Orton Chirwa ndi a Yatuta Chisiza, zinaukana msonkhowo, ndipo unakhala umodzi wa milandu imene inalekanitsa nduna ndi mtsogoleri wao m'miyezi ya August ndi September. Ndunazo zinachoka pa mipando, zambiri zinathawira ku maiko a eni. Koma tiki nayonso siinakhalitse, ndipo kuyambira masiku amenewo ana a dziko lino akula ndi mau akuti ku chipatala cha Boma salipira.

Ife a pa Boma la Mchinji tafuna kukamba nanu za mau amenewa, owerenga athu, pakuti tiona kuti tiki ija inabweranso kachiwiri. Tsopano ilowera ku khomo la kuseri, yakula msinkhu, ndipo woilandira salemba lisiti.

Tiyambe tafotokoza m'mene lonjezo la Boma likhalira. Ku America, kuyambira chaka cha 1965, Boma lilipirira osauka mwa chikonzero chotchedwa Medicaid: wosauka alembedwa dzina, dotolo amchiza, ndipo pambuyo pake atumiza ngongole ku Boma, onyenga a kumeneko atumiza ngongole za odwala amene sanawaone. Kwathu kuno kulibe kulembetsa kotero. Chitetezo chonse cha mmphawi ndicho chipatala chenichenicho: akafika ndi kabuku kake, napimidwa, napita pa zenera la mankhwala, ayenera kulandira osatulutsa kobiri. Ndalama zake zichokera ku misonkho ya ife tonse, ndi ku mphatso za maiko akutali, makamaka pa mankhwala a malungo, a chifuwa chachikulu ndi otalikitsa moyo. Ndipo mphatsozo zinachepa m'chaka cha 2025, pamene Boma la America linatseka bungwe lake la USAID. Chotero chipatala chifanana ndi nkhokwe imodzi ya mudzi wonse, imene yense atsanuliramo dengu lake kuti pa njala ana amasiye akatapemo. Amene anasungapo chimanga adziwa kuti khwangwala wa padenga atola pang'ono, koma anankafumbwe a m'kati asandutsa nkhokwe yonse gaga.

Kuno ku Mchinji mlandu wa kusowa kwa mankhwala ukabuka, chala chiyamba kuloza kumadzulo. Boma lathu, limene azungu analitcha Fort Manning, lili pafupi ndi malire a ku Mwami, ndipo kuseri kwake kuli Chipata, ndiye Fort Jameson wakale. Kumwera kuli dziko la Mozambique. Anthu ati, "Mankhwala athu atha ndi alendo." Mauwa ali nacho choonadi chake. Pogawira maboma ndalama za mankhwala, akulu a ku likulu ayang'ana, mwa zina, chiwerengero cha anthu, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 600,000 m'boma la Mchinji. Wodwala wochokera kutsidya sanawerengedwe m'menemo, koma mibulu ya mankhwala aimeza ndithu.

Koma tifunse, mlendoyo ndani? Olemba malire anatsata msana wa mtunda pamene madzi agawikana, ena kutsikira ku Bua ndi ku nyanja, ena ku Luangwa, ndipo sanafunse kuti manda a makolo ali mbali iti. Alipo anthu amene nyumba yao ili ku Zambia ndi dimba lao ku Malawi. Mu August Achewa a maiko atatu akomana ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mu February Angoni a kwathu anka ku Mtenguleni ku Ncwala ya Mpezeni. Ndiponso njirayo siiyenda mbali imodzi yokha, pakuti ambiri a kuno apita ku chipatala cha mishoni cha Mwami kukaonetsa maso. Mai wobereka mwana wotentha thupi usiku safunsa za mbendera. Athamangira kumene kuli pafupi.

M'chaka cha 2017 Boma linalemba anthu onse a zaka 16 ndi kuposapo, niliwapatsa chitupa cha unzika, ndipo ambiri anayembekeza kuti mpata umenewu watsekeka. Koma odwala malungo ambiri ndi ana, amene alibe chitupacho. Ndipo pa kulembetsa kuja, mmodzi wa ochitira umboni kuti uyu ndi wa mudzi uno anali nyakwawa, amene ku malire kuno ali malume wa ana a mbali zonse ziwiri. Nanga mzamba angabweze bwanji mai wodwala matenda a kubereka amene wafika kale pa khonde, chifukwa chitupa chake n'cha dziko lina? Ife tiganiza kuti mlandu umenewu uyenera kukambidwa ndi maboma eni ake, kuti azibwezerana monga achitira anansi obwerekana makasu. Ndipo tinenenso ichi: mlendo wodwala atenga muyeso umodzi, naumwa, nachira, ndipo udzudzu umene ukadatenga nthenda kwa iye ndi kuifikitsa kwa ana athu upeza magazi abwino. Mankhwalawo agwira ntchito imene anapangidwira. Katoni yathunthu yooloka malire usiku pa njinga ndiyo nkhani ina; ndipo katoni siituluka m'chipinda chokhoma popanda munthu wosunga mfungulo.

Tsono tiyeni tiutsate ulendo wa mankhwala. Ambiri asungidwa ku nkhokwe yaikulu ya Boma, ya Central Medical Stores Trust. Ena, ogulidwa ndi abwenzi akunja, anapatsidwa magalimoto ndi mosungira mwaomwao, eni mphatso ataona kuti zambiri zinali kutayika pa njira. Achoka ku Lilongwe, napyola Namitete ndi Kamwendo, nafika pa Boma ndi pa zipatala zazing'ono za kumidzi. Pali ponse pamene katoni itsika pali pepala losainidwa, ndipo pa mapepala zonse zikhala bwino.

Pamenepa ndipo pagona kuchenjera konse, pakuti kuba kwa masiku ano kuchitika ndi pensulo. Mankhwala a malungo otchedwa LA aperekedwa kwa munthu amene magazi ake apimidwa ndi kupezeka ndi nthendayo. Wamkulu alandira mibulu 24, kuti amwe 4 m'mawa ndi 4 madzulo masiku 3. Wofuna kuba sathyola loko. Atenga kaundula madzulo anzake ataweruka, nalemba maina khumi, ndi midzi yao, ndi zaka zao, nalembanso kuti onse apezeka ndi malungo. Anthu amenewa sanabadwe, sadzafa, ndipo sadandaula konse. Akhala m'kaundula mokha, koma mibulu yao 240 ituluka m'thumba lenileni. Pakutha pa mwezi woyang'anira akafika, napeza kuti chiwerengero cha odwala chilingana ndi cha mankhwala otuluka, asaina nabwerera wokondwa. Kuti chinyengocho chioneke pafunika munthu wakuti atenge kaundulayo, akwere njinga, akafunse m'midzi ngati uje ndi uje akhaladi kumeneko. Ndipo mafuta a ulendo wotero asowa kawirikawiri kuposa mankhwala omwe.

Zilipo njira zinanso zing'onozing'ono. Wina atuma ana kukanama kuti mutu ukupweteka, nasonkhanitsa mibulu yoti agulitse pa okala. Wina, pokhala ali nacho chipatala chakechake m'tauni, auza wodwala kuti kuno zatha, koma madzulo akampeze kwakuti. Wina apempha kangachepe, ati ya Fanta, kuti kabuku kachoke pansi pa mulu kakhale pamwamba. Tisaiwale konse kuti ochita izi ndi ochepa pakati pa anzao. Tidziwa anamwino amene agwira ntchito usiku ndi usana, mmodzi m'chipinda cha odwala makumi angapo, nagula makandulo ndi ndalama zao magetsi akazima. Ndipo iwowa ndiwo alandira matemberero pa zenera chifukwa cha katoni imene sanaione.

Kumene mankhwala otere atsikira tinakuona ndi maso athu pa msika wina wa kumalire. Mnyamata anayala malonda ake pa chiguduli, pakati pa wogulitsa usipa ndi wogulitsa kaunjika, dzuwa likuomba pa mibulu imene iyenera kukhala pa mthunzi. Pa timapaketi tina panaoneka kuti mau ena afufutidwa ndi lumo. Anafika bambo wina wa fumbi m'miyendo, nati mkazi wake wagona masiku awiri, ndipo kumene anapita m'mawa anamuuza kuti LA watha. Anafunsa mtengo, nawerenga za m'thumba mwake kawiri, ndipo zinakwana mibulu 8 yokha. Mnyamatayo anadula paketi, nati, "Yambani ndi imeneyi, bambo, ikakhala mphamvu mudzabwere." Bamboyo anathokoza ndi manja awiri, namanga mibuluyo pa nsonga ya mpango, napita. Sanadziwe kuti mwina wagula zake zomwe.

Taonani tsono mtengo wa tiki ya masiku ano. Munthuyo walipira kabaza kunka ku chipatala ndi kubwera, wataya tsiku la kupalira, wagulitsa nkhuku, ndipo pamapeto pake wapeza gawo limodzi mwa magawo atatu a mankhwala amene anayenera kulandira ulere. Mkazi wake adzamwa tsiku limodzi, thupi lidzazizira, onse adzati wachira. Pakapita sabata nthendayo idzauka, ndipo ikakhala kwa mwana wamng'ono kapena mai woyembekezera, ithera m'kuchepa magazi ndi maliro. Pali chinanso chimene chikhudza ngakhale olemera. Tizirombo ta malungo tikalawa mankhwala osakwanira, totsalato tikhala tolimba, ndipo m'kupita kwa zaka mankhwalawo aleka kugwira. Dziko lino linasiya chloroquine m'chaka cha 1993 chifukwa anafooka, linasiyanso Fansidar m'chaka cha 2007 pa chifukwa chomwecho. Yense wodula paketi ya LA ndi lumo afulumiza tsiku limene tidzasiyanso wachitatuyu.

Boma lidziwa zonsezi. M'zaka za 2015 ndi 2016, pamene a Peter Kumpalume anali nduna ya zaumoyo, akulu a Undunawo ananena poyera kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama za mankhwala lithera kwa akuba. M'chaka cha 2016 anakhazikitsa gulu lofufuza za kuba mankhwala, ndipo bungwe la Global Fund linalengeza pa wailesi kuti woona mankhwala a malungo a Boma akugulitsidwa aimbe lamya osatchula dzina lake. Anthu anagwidwa, ogwira ntchito m'zipatala ndi ogulitsa omwe. Koma lamulo la masiku amenewo, la chaka cha 1988, linali lokalamba, ndipo chindapusa chake chinali chochepa kotero kuti wogwidwa ndi makatoni analipira tsiku lomwelo ndi phindu la katoni imodzi, natuluka m'bwalo akuseka. Lamulo latsopano la zilango zowawa linadza m'chaka cha 2019. Tiliyamika, komabe lamulo lilanga amene wagwidwa, ndipo odwala a m'kaundula aja sachitira umboni m'bwalo.

Tinene pang'ono za zipatala za mishoni, pakuti kubisa za m'nyumba mwathu sikukoma. Zipatala zotere, monga za ku Kapiri, Ludzi ndi Guilleme, zili m'bungwe la CHAM, ndipo kuyambira kale zilandira malipiro kwa odwala kuti zigule mankhwala. Popeza kumadera ena kulibe chipatala cha Boma pafupi, kuyambira chaka cha 2006 Boma linayamba kupangana nazo zipatala za CHAM kuti amai oyembekezera ndi ana akhanda azithandizidwa ulere, ndipo Boma lidzabweza ndalamazo. Panganoli lapulumutsa miyoyo yambiri m'dziko muno. Koma lili nayo ming'alu iwiri. Boma likachedwa kubweza miyezi yambiri, chipatala chiimika pangano, ndipo mai amene mnansi wake anachira ulere mwezi watha apemphedwa ndalama mwezi uno, osamvetsa chimene chasintha. Mng'alu wachiwiri ndiwo wakuti ngongole yotumizidwa ku Boma ndi pepala chabe, monga kaundula uja. Ndipo mai wosadziwa kuti chithandizo chakuti chili m'pangano angathe kulipira pa zenera chinthu chimene Boma lidzalipiranso. Sitiloza chipatala chakutichakuti. Tinena kuti khomo losatseka liyesa ngakhale munthu wabwino, ndipo nyumba zotchedwa ndi maina a oyera mtima ziyenera kukhala zoyamba kumata pa chitseko, m'Chichewa chomveka, mndandanda wa zonse zimene mai salipira.

Za akuba a pamwamba sitichulutsa mau, pakuti dziko lonse lizidziwa. M'chaka cha 2013 kunaululika kuba kwa ku Capital Hill kotchedwa Cashgate, maiko othandiza anaimika ndalama zao, ndipo njala yake inafika mpaka m'zipinda za odwala. M'chaka cha 2021 owerengera chuma cha Boma anafufuza K6.2 biliyoni ya mliri wa Covid-19, napeza kuti zambiri zinathera m'malipiro a misonkhano ndi maulendo, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera anachotsa nduna imodzi pa mpando. Mnyamata wa pa chiguduli uja amamva wailesi monga ife tomwe, ndipo aphunzira.

Alipo anthu ophunzira amene poona zonsezi ati, "Chaulere chilibe mwini, bwezerani malipiro m'zipatala, ndipo osaukitsitsa apatsidwe kalata yakuti asalipire." Ife a ku Mchinji tili nacho chifukwa chokayikira nzeru imeneyi, pakuti ntchito yosankha osauka inayambira kwathu kuno. Mtukula Pakhomo, ndiyo ndalama imene Boma lipereka kwa mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, anayesedwa poyamba m'boma lino m'chaka cha 2006, ndipo anasankha mabanja 10 mwa 100 ali onse. Thandizolo lakweza agogo ambiri olera ana amasiye, ndipo sitilinyoza. Koma yense amene anakhalapo pa bwalo tsiku lowerenga maina adziwa kulemera kwake: m'mudzi umene nyumba zambiri zidya kamodzi pa tsiku mu February, kutchula khumi ndi kusiya otsalawo kubala udani wa zaka, ndipo pamene pali mndandanda, pabuka mlamu wa wolemba. Ndalama ya Mtukula Pakhomo ikachedwa, banja lidikira. Koma mwana wa malungo a kumutu sangadikire kuti komiti ikhale pansi ione ngati amake ali m'gulu la khumi lija. Kalata ya umphawi idzangokhala chinthu chinanso chogulitsa, ndipo anansi athu a ku Zambia, amene anayesa malipiro zaka zambiri, anawachotsa m'zipatala za kumidzi m'chaka cha 2006.

Chimene tiona kuti chingathandize chili pafupi, ndipo sichifuna ndalama za kunja. Pa chipatala chaching'ono chili chonse pali komiti ya anthu a m'midzi, ndipo mwa ntchito zake muli kukhalapo pamene galimoto itsitsa mankhwala ndi kusaina kuti afikadi. Nzeruyi ndi yabwino, koma m'malo ambiri yasanduka mwambo chabe. Galimoto ifika madzulo osalengeza. Athamangira kukaitana mkulu mmodzi wokhala pafupi. Amuonetsa pepala la Chingerezi la maina ovuta ngakhale kwa mphunzitsi. Iye, pochita ulemu kwa adokotala, asaina osatsegula katoni, nathokoza Boma chifukwa chokumbukira anthu ake. Mkulu wotereyu sagula thumba la feteleza osalinyamula kuti amve kulemera kwake, ndipo pogulitsa mtedza ayang'anitsitsa sikelo ngati mphamba. Koma pa khomo la chipatala aona ngati zinthuzo ndi mphatso ya mfumu imene munthu saifunsa. Akadadziwa kuti ndi chimanga chake chomwe, chogulidwa ndi msonkho umene apereka pa sopo ndi shuga, akadawerenga.

Chifukwa chake tipempha a Bwanamkubwa, ndi akulu a zaumoyo a pa Boma, ndi mafumu athu, a Mkanda, a Zulu, a Mlonyeni, a Dambe, a Mavwere ndi anzao, kuti pa khoma la chipatala chili chonse pakhomedwe bolodi lakuda, pamene odikira pa mzere aliona. Tsiku limene galimoto yafika, a komiti awiri kapena atatu, mmodzi wa iwo mai, atsegule makatoni, nalembe ndi choko m'chinenero chathu: tsiku lakuti kwafika LA wa akulu mapaketi akuti, wa ana akuti, zopimira malungo zakuti. Loweruka lili lonse alembe zotsala. Pamenepo munthu wouzidwa Lachinayi kuti mankhwala atha adzatha kutembenuka ndi kuwerenga zimene zinafika Lachiwiri, ndipo namwino wokhulupirika adzakhala nayo mboni pamene zathadi. Kamodzi pa mwezi kaundula awerengedwe pamaso pa nyakwawa ziwiri kapena zitatu, maina ndi midzi yokha, osatchula nthenda ya munthu. Pakuti palibe nyakwawa yosadziwa anthu ake, ndipo dzina la munthu wosabadwa lidzamveka lachilendo m'khutu mwake nthawi yomweyo.

Bolodi ndi choko zipezeka pa sukulu ili yonse. Nyengo yabwino yolikhomera ndi November, mvula isanakhazikike, pakuti kuyambira January kufikira April, madzi atadzaza m'madambo a Bua ndi Rusa, ndi pamene mzere wa pa zenera utuluka pa khonde ndi kukafika pansi pa mitengo.